Kafukufuku wa chitetezo ndi uchigawenga ku Mangochi: kachitidwe kake ndi pomwe ambiri amaphonyera

Ukachoka pa Mangochi boma n'kukwera mapiri kudzera ku Namwera, msewu umakakutula pa chipata cha Chiponde, ndipo kutsidya kwake ndi Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Niassa idachita malire ndi chigawo cha Cabo Delgado, kumene zigawenga zidayamba nkhondo pa 5 Okutobala 2017 pothira machaka apolisi a ku Mocímboa da Praia. Chakumapeto kwa 2021 nkhondoyo idafikako ku Mecula, m'kati mwa Niassa momwemo. Wophunzira wa digiri yachiwiri akaona mapu amenewa, n'kukumbukira kuti anthu ambiri a ku Mangochi ndi Asilamu, amathamangira kulemba mutu wakuti akufuna kuyeza "kukula kwa uchigawenga pakati pa achinyamata a ku Mangochi". Ntchito yake yafera pomwepo asanakwere ndi minibasi yomwe.

Yafa chifukwa mutuwo wagamula kale mlandu usanazengedwe. Waika chipembedzo cha anthu ngati umboni, pomwe ambiri mwa anthu amene aphedwa ndi kuthawitsidwa ku Cabo Delgado nawonso ndi Asilamu. Komanso mapu amanamiza: Mocímboa da Praia ili kugombe la nyanja ya mchere, makilomita mazanamazana kuchokera ku Chiponde. Shehe akangoona mutu wotere pa kalata yanu, akulandirani bwino, akupatsani mpando, koma simumvako kanthu kenikeni m'dera lake lonse.

Funso labwino limafunsa chinthu chomwe chingaonedwe, kuwerengedwa kapena kutsutsidwa. Kodi malonjezo a ntchito kapena maphunziro akunja amawafikira bwanji anyamata a kwa Makanjira ndi kwa Katuli, ndipo amafunsa ndani asananyamuke? Kodi mphekesera ya zachitetezo ikayamba pa WhatsApp imatenga masiku angati kuti ifike kwa munthu wopanda foni, ndipo imadutsa mwa yani? Kodi munthu akaona mlendo wokayikitsa pa gombe la asodzi amakanena kwa mfumu, kwa shehe, kwa a chitetezo cha m'mudzi kapena kupolisi, nanga n'chifukwa chiyani amadumpha enawo? Mafunso otere ali ndi yankho ngakhale mutapeza kuti kulibe vuto lililonse, ndipo kupeza kuti kulibe vuto nako ndi zotsatira zoyenera kulembedwa.

Lembaninso tanthauzo la mawu anu musanapite kumudzi. Munthu wotsatira chipembedzo chake mosamalitsa, wosunga ndevu kapena wovala mosiyana ndi anzake, sali m'gulu limodzi ndi munthu wovomereza kuti kupha n'koyenera pofuna kukwaniritsa cholinga cha ndale kapena cha chipembedzo. Ngati fomu yanu siisiyanitsa awiriwa, manambala anu onse ayeza kupembedza, osati chiwawa. Nawonso mawu akuti al-Shabaab asamalidwe: ndi dzina lomwe anthu a ku Cabo Delgado amatchulira gulu la kwawoko, ndipo si gulu la ku Somalia la dzina lomweli. Pa Chiarabu mawuwa amangotanthauza achinyamata.

Zowerenga musananyamuke

Zambiri za nkhondo ya ku Mozambique zidalembedwa m'Chipwitikizi, choncho amene amangowerenga Chingerezi amatola makombo. Mabungwe a ku Maputo a IESE ndi Observatório do Meio Rural adafunsa anthu a m'midzi momwemo za mmene gululo lidayambira. Nkhokwe ya pa intaneti ya ACLED imasunga mndandanda wa zochitika zachiwawa, chilichonse ndi tsiku, malo ndi chiwerengero cha ophedwa, ndipo malipoti a Cabo Ligado, omwe adayamba kutuluka mu 2020, adalongosola zochitika za ku Cabo Delgado. Global Terrorism Database ya ku University of Maryland imabwerera mpaka 1970. Koma dziwani mmene nkhokwe zoterezi zimadzadzidwira: mbali yaikulu ndi zomwe zafika m'manyuzipepala ndi m'malipoti. Mudzi wopanda mtolankhani komanso netiweki umaoneka wa mtendere pa mapu ngakhale utapsa. Musamalembe kuti chiwawa chidachepa mwezi wakuti musanafufuze ngati si atolankhani amene adaletsedwa kufikako.

Kafukufuku wa UNDP wa mu 2017, amene adafunsa anthu omwe adalowapo m'magulu oterewa m'maiko angapo a mu Africa, adapeza kuti 71 peresenti ya iwo adati chomwe chidawakankha komaliza ndi zochita za boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa m'bale kapena mnzawo. Chiwerengero chimenechi chikuuzani zinthu ziwiri. Fomu yanu iyenera kukhala ndi mafunso a mmene anthu amakhalira ndi apolisi, asilikali ndi a zolowa ndi kutuluka. Ndiponso lipoti lanu likachititsa kuti anthu osalakwa agwidwe, mwakolezera moto womwe mumati mukuufufuza.

Za kuno kwathu, yambani ndi Afrobarometer, imene kafukufuku wake m'Malawi amayendetsedwa ndi Centre for Social Research ku Zomba: muli mafunso a chikhulupiriro cha anthu pa apolisi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo, ndipo mukabwereka mafunso omwewo mutha kuyerekeza Mangochi ndi dziko lonse. Werenganinso malamulo atatu: Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, Financial Crimes Act ya 2017 ndi Data Protection Act ya 2024. Lomalizali limakukhudzani inu mwini, pakuti chipembedzo cha munthu chili m'gulu la zinthu zomwe lamulo limafuna kuti zisungidwe mosamala kwambiri.

Chilolezo ndi kalowedwe ka m'mudzi

Musafunse munthu ndi mmodzi yemwe musanalandire kalata ya komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, kaya ndi ya kuyunivesite kwanu kapena ya NCRSH, komiti ya dziko lonse yoona za kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu, yomwe ili pansi pa National Commission for Science and Technology. Ikani padera miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mutu wotere kawirikawiri umabwezedwa kuti mukonze. Kenako pitani kwa bwanamkubwa, mudziwitse mkulu wa apolisi wa boma, ndiye mutsikire kwa mfumu yaikulu, gulupu ndi nyakwawa. Atsogoleri a Chisilamu muwaone mbali zonse, a Muslim Association of Malawi ndi a Quadria Muslim Association of Malawi, kudzanso a mipingo ya Chikhristu. Mukalowa kudzera khomo limodzi lokha, enawo akutengani ngati munthu wa mbali ija.

Kudziwitsa apolisi n'kosiyana ndi kuyenda nawo. Wapolisi kapena msilikali akakhala pambali panu, ngakhale atavala zawamba, mayankho onse asanduka a pabwalo la milandu. Chimodzimodzi mfumu: ikupatseni chilolezo, koma isakusankhireni anthu oti muwafunse, chifukwa ikupatsani abale ake ndi a komiti amene adazolowera kuyankha alendo. Musajambule malo a asilikali kapena chipata cha m'malire. Pali lamulo loteteza malo otere, ndipo kalata ya kuyunivesite siikuombolani. Ndege zazing'ono zopanda woyendetsa zija zisiyeni kunyumba. Zimafuna chilolezo chake, ndipo pafupi ndi malire zimabala mphekesera tsiku lomwelo.

Nkhani ya mphekesera musaipeputse. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'madera ena. Mlendo wonyamula chikwama ndi tabuleti, wofunsa za anyamata amene adachoka pamudzi, ndi munthu wosavuta kumupekera nkhani. Msonkhano wa pabwalo uchitike tsiku limodzi kapena awiri ntchito isanayambe, anthu aone nkhope za ofunsa mafunso onse, agwire tabuletiyo, amve kuti mukhala masiku angati.

Ofunsa mafunso akhale olankhula Chiyao chenicheni, osati chongopatsira moni, koma asakhale a m'mudzi womwewo. Wa m'mudzi momwemo anthu amamuopa kuti akaulula, ndipo mukachoka iyeyo ndiye amatsala ndi milandu. Amayi afunsidwe ndi amayi anzawo. Lachisanu masana musaike zokambirana, ndi nthawi ya Jumua. M'mwezi wa Ramadhan anthu amakhala atatopa pofika madzulo, ndiye gwirani ntchito m'mawa kapena sinthani mwezi. Nthawi ya dzinja misewu ya kwa Makanjira ndi kwa Katuli imavuta, ndipo asodzi amene agona panyanja usiku wonse simungawafunse zanzeru dzuwa likamatuluka.

Kafunsidwe kake

Chilolezo cha munthu chitengedwe pakamwa, pamaso pa mboni imodzi ya gulu lanu, ndipo mupemphe komiti ikuloleni kutero. Siginecha kapena chidindo cha chala pa pepala lolembedwa za uchigawenga ndi chinthu choopsa kwa mwini chalacho pepalalo likasowa. Poyamba penipeni nenani mosabisa malire a chinsinsi chanu: simufuna maina a anthu, ndipo wina akakuuzani za chiwembu chovulaza anthu chomwe chikukonzedwa, simungachisunge. Ena adzadzuka n'kumapita. Alekeni apite.

Musafunse kuti "kodi inu mumagwirizana ndi zigawenga?" Palibe angavomere, ndipo mwaononga macheza onse. Yambirani pa moyo wa tsiku ndi tsiku: ulendo wa ku Joni, amene aliyense ku Mangochi ali ndi m'bale wake adapitako; ganyu ndi malonda a kutsidya kwa malire; mmene mnyamata amadziwira kuti wonyamula anthu uyu ndi woona kapena ndi tambwali. Njira zomwe munthu angakopedwere ndi gulu lachiwawa ndi zomwezi zimene amakopedwera ndi wozembetsa anthu: lonjezo la ntchito, ndalama ya thiransipoti yotumizidwa pafoni, mnzake amene adatsogola. Mukamvetsa njira imeneyi mwapeza chinthu chothandiza ngakhale pasapezeke chigawenga n'chimodzi chomwe.

Zokambirana za pagulu zikhale za anthu 6 mpaka 8, osapitirira mphindi 90, anyamata paokha, atsikana paokha, akuluakulu paokha. Pagulu funsani za mudzi, zaumwini zisungireni macheza a awiriwiri. Macheza oterowo 25 mpaka 30 m'dera limodzi nthawi zambiri amakwana. Mudziwa kuti mwafika pamene anthu asanu otsatizana sakukuuzani chatsopano. Ola limodzi la mawu ojambulidwa limadya maola 5 kapena 6 polemba, ndipo kumasulira kuchoka m'Chiyao kumawonjezera ena. Ambiri amaiwala kuika ndalama ya ntchito imeneyi mu bajeti, n'kumaliza atalemba lipoti kuchokera m'mutu.

Ngati mukufuna manambala, kuwerengera kwa masiku onse kumapereka anthu 384 kuti mukhale otsimikiza ndi 95 peresenti, kuphonya kwake kusapitirire 5 peresenti uku kapena uku. Koma chiwerengerochi chimaganiza kuti mwatola anthu mwamaere m'boma lonse, la anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018. Inu mudzasankha midzi kaye, ndipo anthu a m'mudzi umodzi amayankha mofanana, choncho chulukitsani kawiri, pafupifupi 770, n'kuwonjezerapo 10 peresenti ya okana. Midzi 40 ya anthu 20 iliyonse imaposa midzi 10 ya anthu 80.

Pa funso lomwe munthu sangayankhe poyera pali njira ya mndandanda. Gawani oyankha m'magulu awiri mwamaere. Gulu loyamba muliwerengere zinthu zinayi zosaopsa zomwe zingamuchitikire munthu m'chaka chapitachi, monga kugulitsa nsomba pamsika wa boma lina kapena kugona kuchipatala. Gulu lachiwiri muliwerengere zinayi zomwezo ndi chachisanu, chomwe ndi funso lanu lenileni, tinene kuti "munthu wosamudziwa adandilonjeza ndalama kuti ndikagwire ntchito kumpoto kwa Mozambique". Woyankha satchula kuti n'ziti, amangonena kuti n'zingati. Kwa osawerenga, mpatseni timiyala tisanu m'dzanja limodzi kumbuyo, azisamutsira kamodzi kudzanja linalo pa chilichonse chimene chidamuchitikira, pomaliza aonetse timiyala tosamukato. Mwachitsanzo, gulu loyamba likapereka avereji ya 1.90 ndipo lachiwiri 2.02, kusiyana kwa 0.12 kukutanthauza anthu 12 pa 100 aliwonse. Njirayi imafa pawiri. Zinthu zinayi zija zikakhala zochitikira aliyense, woyankha "zisanu" wadziulula, ndiye amachepetsa dala. Sankhani ziwiri zosayendera limodzi. Ndipo pa anthu ochepa, kusiyana kwakung'ono ngati kumeneku kumamira m'phokoso la manambala. Ngati simungafike pa anthu 800, musaiyambe.

Mafoni, mauthenga ndi zinthu zopeka ndi makina

Pano ndi pomwe maphunziro ochokera kunja amasocheretsa kwambiri. Njira zawo zidakonzedwera Facebook ndi X, kumene zolemba zimaonekera poyera ndipo kompyuta imatha kuzikolola. Ku Mangochi uthenga umayenda pa WhatsApp, wambiri uli wamawu, m'Chiyao kapena m'Chichewa, kenako umatuluka pa intaneti n'kuyenda pa memore khadi, pa Bluetooth, m'malo obenera nyimbo, m'mashowu a kanema, pa siteji ya kabaza. Wofufuza wongokhala pa laputopu ku Zomba aona kachigawo kochepa kwambiri.

Chomwe chimagwira ntchito ndi buku la mauthenga. Pezani anthu odzipereka 12 mpaka 15 m'misika yosiyana, monga Namwera, Chiponde, Malindi ndi Monkey Bay, kwa milungu 8. Akalandira uthenga wokhudza chitetezo, chinyengo cha ndalama kapena chidani cha chipembedzo, alembe tsiku, ola, chilankhulo, mtundu wake, ngati uli ndi chizindikiro chakuti watumizidwa kambirimbiri, ndi mtundu wa gulu lomwe wachokera, la mpira, la banja kapena la malonda. Dzina la gulu ndi nambala ya wotumiza zisalembedwe. Chithunzi cha pa sikirini chidulidwe manambala asanakutumizireni. Inuyo musalowe m'gulu la WhatsApp ndi dzina labodza, ndipo musayese kulowa m'foni kapena akaunti ya wina: choyamba komiti siingavomere, chachiwiri ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 lija.

Chithunzi chilichonse chifufuzeni pa Google Lens ndi TinEye musanachikhulupirire. Kawirikawiri chithunzi chomwe akuti ndi cha dzulo kumalire chimapezeka kuti ndi cha dziko lina, cha zaka zapitazo. Pa kanema, dulani zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ndi pulogalamu ya InVID n'kuzifufuza chimodzichimodzi, kenako yang'anani manambala a galimoto, yunifolomu, zikwangwani za masitolo, mbali ya msewu yomwe magalimoto akuyenda. WhatsApp imafufuta tsiku ndi malo obisika m'chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi, choncho kusapezeka kwake si umboni wa chinyengo. Pa mawu opekedwa ndi makina, musadalire mapulogalamu ozindikira okha. Adaphunzitsidwa kwambiri pa Chingerezi, ndipo mawu amene apanikizidwa ndi WhatsApp kangapo amawasokoneza. Khutu la anthu atatu olankhula chilankhulocho, aliyense kumvera payekha, kuphatikiza kufunsa mwini mawuyo kapena ofesi yake, n'kodalirika kuposa.

Makanema ofalitsidwa ndi zigawenga zenizeni musawasunge pafoni yanu kapena kuwatumizira anzanu. Ngati kafukufuku akufunadi kuti muwaone, zilembedwe m'chilolezo, aonedwe pa kompyuta imodzi yokha ya ntchito, mawu atatsitsidwa, kwa nthawi yosapitirira ola patsiku. Zithunzi za kuphana zimadwalitsa maganizo, ndipo amene amavutika kwambiri ndi wophunzira wamng'ono amene wapatsidwa ntchito yozisanja.

M'midzi ya m'malire muli anthu okhala ndi masimu khadi a maiko awiri, wa TNM kapena Airtel ndi wa Movitel kapena Vodacom, chifukwa netiweki ya kutsidya nthawi zina ndiyo imagwira bwino. Chimenechi si chizindikiro cha upandu, koma chikutanthauza kuti ziwerengero za MACRA zokha sizikupatsani chithunzi chonse. Pa za ndalama, funsani maejenti a Airtel Money ndi Mpamba za mitundu ya chinyengo yomwe amakumana nayo, osati za makasitomala awo. Buku lawo musalijambule. Ndipo musaganize kuti chiopsezo cha tekinoloje chili kumudzi kokha. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adalowedwa ndi akuba a pa intaneti amene amafuna dipo, ndipo kusindikiza kudaima kwa milungu. Boma ngati la Mangochi, lodalira maulendo a ku Joni, ndi malo abwino ofufuzira kuti anthu amatani pasipoti ikasowa: amadikira, kapena amadzera njira zachidule.

Kusunga ndi kulemba

Pa KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu otolera mayankho pa tabuleti, ikani loko wa mafomu musanayambe, chifukwa mayankho olandiridwa loko asanaikidwe sakhomedwa. Zimitsani GPS ya pakhomo. Dzina la dera la gulupu ndi lokwanira. Munthu aliyense akhale ndi nambala, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina, ngati lilipo n'komwe, likhale kwina, liwotchedwe ntchito ya kumudzi ikangotha. Madzulo aliwonse samutsirani mawu ojambulidwa pa laputopu yokhomedwa ndi VeraCrypt, sungani kope lachiwiri pa diski ina yokhomedwanso, kenako fufutani za m'chojambulira. Magetsi akathima masiku awiri ndi pomwe anthu amayamba kusunga zinthu m'mafoni awo ndi kutumizirana pa WhatsApp, choncho gulani mapawabanki awiri pa wofunsa aliyense. Gulu lanu lizilankhulana pa Signal, mauthenga akhale odzifufuta pakatha mlungu. Ganiziraninso pasadakhale chomwe mudzanene wachitetezo akakupemphani zolemba zanu: yankho likhale kalata ya komiti ndi nambala ya woyang'anira kafukufuku wanu, ndipo chitetezo chenicheni n'chakuti mainawo simunawatole.

Posanja mayankho, anthu awiri asanje gawo limodzi mwa magawo asanu aliyense payekha, muyeze kugwirizana kwawo ndi kappa ya Cohen. Ikatsika pansi pa 0.7, matanthauzo anu ndi osamveka, akonzeni, musanjenso. Polemba, siyanitsani zinthu zitatu m'chiganizo chilichonse: zomwe woyankha adaona yekha, zomwe adamva, ndi zomwe inu mukuganiza. Anthu khumi akakuuzani nkhani imodzi ya anyamata amene adatengedwa usiku, funsani aliyense kuti adaimva kwa yani. Mudzapeza kangapo kuti onse khumi akubwereza uthenga umodzi wa pafoni.

Kubisa dzina pakokha sikukwanira. "Shehe wa zaka 60 wa pa msika wakuti amene adaphunzira kunja" ndi munthu mmodzi yekha, ndipo aliyense m'deralo amudziwa. Kulitsani dera, ikani zaka m'magulu a khumikhumi, chotsani mbiri ya maphunziro. Dzina la mzikiti, tchalitchi kapena madrasa lisaoneke paliponse, ngakhale m'mawu othokoza. Lipoti lisanatuluke, bwererani kwa mafumu, mashehe, abusa ndi achinyamata mukawawerengere zomwe mwapeza m'Chiyao ndi m'Chichewa, tsamba limodzi kapena awiri. Alibe mphamvu yofufuta zomwe sizikuwakomera, koma akuuzani pomwe mwamasulira mawu molakwika ndi pomwe munthu angadziwike. Ndalama ya ulendo wobwererawu, mafuta, malo ogona masiku atatu ndi womasulira, ilembeni mu bajeti yoyamba yomwe mukupereka ku komiti.